Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 12: Pamene Khansa ya Azakhali Inabwerera

M'gawo lapitalo ndinafotokoza mmene azakhali anga anamalizira mankhwala a khansa ya thumba la mazira, ndi mmene tinawalandirira ndi nthungululu kunyumba kwanga ku Area 25. Chimwemwe chathu sichinakhalitse, chifukwa chaka chisanathe mimba yawo inayambanso kudzaza madzi mpaka chitenje kuleka kukumana m'chiuno, ndipo puloteni ya CA-125 imene madokotala ankaiyeza m'magazi awo pofuna kuona ngati khansa ikubwerera inakweranso.

Popeza ndimagwira ntchito mu labotale, funso lawo linagwera ine. "Mwana wa achimwene anga, mankhwala onse ndinalandira osajomba. Nanga wandibwezera matendawa ndani?" Achibale ena kumudzi anali atayamba kale kutchulana maina, ndipo zimenezo n'zimene zinandikankhira kuti ndiwerenge za nkhaniyi mozama.

Chotupa cha khansa sichikhala ndi maselo ofanana okhaokha. Pakati pa unyinjiwo pamakhala maselo ochepa amene amatha kudzibala okha ndi kubalanso mitundu ina yonse ya maselo a chotupacho. Gulu la John Dick ku Toronto linaonetsa zimenezi pa khansa ya m'magazi mu 1997, ndipo mu 2005 Sharmila Bapat ndi anzake ku Pune, m'dziko la India, anapeza maselo oterewa m'madzi a m'mimba mwa mayi wodwala khansa ya thumba la mazira, madzi ofanana ndi amene azakhali ankawapopa ndi singano. Carboplatin ndi paclitaxel, mankhwala amene azakhali analandira, amapha kwambiri maselo amene akugawikana mofulumira, koma ochepawa amatha kukhala phee osagawikana, ndipo ena ali ndi mapuloteni otulutsira mankhwala kunja kwa selo. Zili ngati kapinga: khasu lidula masamba, koma mizu ikatsala, mvula yoyamba amaphukanso.

Chimene chimadzutsa maselo ochepawa ndi mauthenga amene maselo amatumizirana. Pa njira yotchedwa Wnt, uthenga ukafika pakhungu la selo, puloteni ya beta-catenin, imene nthawi zonse imaphwanyidwa isanachuluke, imaunjikana n'kulowa pakati pa selo pamene pali majini (malangizo a chibadwa amene selo limatsatira), n'kudzutsa majini olamula kuti selo lidzibale. Njira ya Notch imafuna kuti maselo awiri akhudzane, kenako puloteni ya gamma-secretase imadula kachidutswa konyamula uthengawo kupita mkati. Kafukufuku wa The Cancer Genome Atlas wa mu 2011 anapeza kuti njira ya Notch inali yosokonekera pa zotupa pafupifupi 22 mwa 100 zilizonse za mtundu waukali wa khansayi. Chinandikhudza kwambiri n'chakuti madzi a m'mimba aja nawonso amanyamula uthenga, monga wa puloteni ya IL-6, umene umadzutsa njira ya STAT3 yothandiza maselowa kupulumuka mankhwala.

Wina angafunse chifukwa chake njirazi sizingotsekedwa. Vuto ndi lakuti thupi lathanzi limazidaliranso. Matumbo amakonza khungu lake lamkati pakapita masiku ochepa pogwiritsa ntchito Wnt ndi Notch, moti mankhwala otsekereza gamma-secretase amatsegula m'mimba. Mankhwala a vismodegib, amene amatseka njira ina ya mauthenga yotchedwa Hedgehog ndipo amathandiza pa mtundu wina wa khansa ya pakhungu, atayesedwa pa amayi odwala khansa ya thumba la mazira sanachedwetse kubwerera kwake mmene anthu ankayembekezera.

Azakhali sindinawatchulire maina onsewa. Ndinangowauza kuti matendawo sanachokere kwa munthu, kuti mbewu yake inabisala m'thupi mwawo momwemo, ndi kuti amayi ambiri amene khansayi imapezeka itafalikira kale imawabwereranso ngakhale atatsata malangizo onse. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anandituma kuti ndiimbire foni amalume kumudzi, asiye kutchula anthu, ndiponso kuti ndiwafunsire adokotala tsiku loyambira mankhwala achiwiri. Za ulendo wachiwiriwo ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.