Mphwanga, thaulo ndi nyimbo ziwiri

Lolemba mlongo wanga anatulukira kuchokera ku Domwe ali ndi mnyamata wake. "Achimwene, mtengeni uyu, kunyumba wandibowolera zidebe zonse ndi kugogoda." Ine ndimaimbitsa m'maukwati ndi m'zinkhoswe kuno ku Ulongwe, ndipo Loweruka kunali ukwati. Wonyamula masipika ndinkamufunadi, ndiye ndinavomera.

Madzulo omwewo ndinamukhazika pa DDJ-400 yanga, makina a DJ osakanizira nyimbo, yomwe ndinagula yogwirapo kale ntchito mumzinda wa Tete. Batani la sync, lomwe limagwirizanitsa lokha liwiro la nyimbo ziwiri, ndinalimata ndi tepi, laputopu n'kuifunditsa thaulo, kuti aphunzire kugwirizanitsa nyimbo ndi khutu, osati kuyang'ana pa kompyuta. Anandiyang'ana ngati ndamulanda nsima pakamwa. Sync sindidana nayo, pa ukwati ndimaidina ndithu, koma imangodalira zomwe kompyuta yawerenga. Ikani marrabenta, nyimbo yovina ya kuno ku Mozambique, yakale yoimbidwa ndi bandi, yomwe woimba ng'oma amathamanga pena n'kubwerera pena, muone mmene ikusiyireni pamtetete anthu ali pakati pa bwalo.

Lachiwiri ndinamupatsa nyimbo ziwiri za amapiano, ina ya 112 BPM, ina 114. BPM ndi kuchuluka kwa kugunda kwa ng'oma pa mphindi imodzi. Kusiyana kwa 2 kumaoneka kochepa, koma ngakhale muziyambitse bwino pamodzi, pakatha masekondi 30 inayo yatsogola ndi kugunda kwathunthu, ndipo chisokonezo chimamveka kale nthawi imeneyo isanakwane. Mankhwala ake n'kuichedwetsa ya 114 ija ndi pafupifupi 1.8 peresenti pa pitch fader, kachitsulo kotsetsereka kosinthira liwiro la nyimbo. Vuto loyamba linali dzanja: pa makina amenewa, kukokera fader kwa iwe ndiye kufulumizitsa, kukankhira kutsogolo n'kuchedwetsa. Iye ankachita zosemphana. Lachiwiri linali khutu. Ankamva kuti zasokonekera, koma osadziwa kuti yathawa ndi iti.

"A malume, zonse zikungomveka phukuphuku."

Lachitatu magetsi anazima kuyambira m'mawa. Kuseri kwa mpanda atsikana awiri ankakonola chimanga mu mtondo umodzi, ndipo ndinamutuma akaime pafupi atatsinzina. Misi ija imasinthana, osati kugwera pamodzi ngati ng'oma zathu, komabe mmodzi akayamba kutopa mpata umasintha ndipo khutu limadziwa amene watsalira. Anabwera akuseka, akuti wamng'onoyo ndiye amathamanga.

Lachinayi ndiye tinalimbana. Nyimbo zikasiyana pang'ono, iye ankathamangira fader, kukoka kwambiri, kenako kubweza kwambiri, mpaka osadziwanso pomwe anayambira. Ndinamugwira dzanja. Zinthu zake ndi ziwiri. Nyimbo zikhoza kukhala pa liwiro limodzi koma ina ili patsogolo. Pamenepo umangokhudza m'mphepete mwa jog, gudumu lozungulira la pa makinawo, kuikankha kapena kuibweza pang'ono, fader osaiyandikira. Koma ukaona kuti wakankha jog kutsogolo kamodzi, kawiri, katatu, ndiye kuti nyimboyo ndi yochedwa, ndipo apo m'pamene umasuntha fader, kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga. Jog ndi imene imakuuza koti fader ipite. Malire a fader ndinamuikiranso pa 6 peresenti m'malo mwa 16, chifukwa pa 16 chala chikangoterereka pang'ono nyimbo yapita kutali. Pofika usiku anagwira ziwiri zija kwa mphindi yathunthu, hedifoni ili khutu limodzi, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira ino.

Lachisanu tinatsuka zingwe, kuyesa jenereta ndi kukatenga theka la malipiro. Ndinamutchulira mongodutsa kuti ukafulumizitsa nyimbo mawu nawo amakwera, ndipo pa 6 peresenti amakhala akwera pafupifupi theka la noti, pokhapokha utayatsa Master Tempo, yomwe imasunga mawu pamalo pake ngakhale liwiro lisinthe. Kulakwa kunali kwanga, ndinanena ndili pansi pa tebulo.

Pa ukwati ndinamusiyira makina nthawi ya pelekanipelekani kuti ndikaone mafuta. Ndili kuseri ndinamva m'masipika nyimbo ya kwaya ya amayi ikumveka ngati ana a sukulu yamkaka. Anafuna kuilowetsa pa afro house ya 122, ndiye anabwezera pa 16 n'kuikoka mpaka kumapeto, Master Tempo ili yozima. Agogo ena a kuchikazi anaima ndalama zili m'manja.

"Iwe mwana, amayiwa akuthamangira kuti?"

Anthu anaseka, ine n'kubweza fader pang'onopang'ono kuti zisamveke kugwa. Kunena zoona, ngakhale akanayatsa Master Tempo, kukoka kotero kumasiya mawu akunjenjemera ngati wailesi yotha mabatire. Nyimbo zotalikirana chonchi sitizikakamiza, umadikira ina ithe, kapena MC akayamba kulankhula n'kulowetsa inayo.

Cha m'ma 9 koloko, bwalo litadzaza fumbi, ndinamulola ayesenso ndi ziwiri zake zija za amapiano. Palibe anatembenuka, anthu anangopitiriza kuvina. Lamulungu m'mawa ndinamupeza atadzuka kale, laputopu ataifunditsa yekha thaulo, akusakasaka tepi ina chifukwa yakale ija inamatuka.