Minofu ya thunthu ndi mphamvu ya masekondi 30

Pophunzira za kukonzekeretsa akatswiri a masewera, funso limodzi limabwera kawirikawiri: kodi kulimbitsa minofu ya thunthu, ndiye kuti ya pamimba, m'mbali ndi kumsana, kumathandiza munthu kuthamanga mamita 100 mofulumira, kudumpha patali, kapena kupalasa njinga mwamphamvu kwa theka la mphindi? Ambiri amavomera msanga. Ine ndikaona zimene ofufuza apeza, ndimavomeranso, koma thandizolo lili ndi malire, ndipo limabwera pokhapokha masewerawo atasankhidwa bwino.

Mphamvu ya ntchito zazifupi zophulika imachokera mu mnofu umene ukugwira ntchitowo. M'masekondi pafupifupi 10 oyamba thupi limadalira kwambiri ATP ndi phosphocreatine, zinthu zopereka mphamvu msanga zosungidwa mu mnofu. Zikachepa, kuphwanya shuga mwachangu popanda kudikira okosijeni kumatenga gawo lalikulu, ndipo posakhalitsa miyendo imayamba kulemera. Mayeso odziwika bwino a mphamvu imeneyi ndi a Wingate, omwe anapangidwa ku Israel m'zaka za m'ma 1970. Munthu amapalasa njinga ya m'nyumba ndi mphamvu zake zonse kwa masekondi 30, atamuikira cholemetsa chokwana 7.5 peresenti ya kulemera kwa thupi lake. Wa makilogalamu 80 amapalasa ndi makilogalamu 6.

Minofu ya thunthu siwonjezera phosphocreatine m'ntchafu. Ntchito yake ndi kugwira msana ndi chiuno kuti mphamvu yochokera kumiyendo ifike kumene ikufunika osatayikira m'njira. Pamwamba pali diaphragm (mnofu wopumira wa pansi pa mapapo), pansi pali minofu ya pansi pa chiuno, kutsogolo ndi m'mbali kuli transversus abdominis (mnofu wa mkati kwambiri wa pamimba) ndi ma oblique, kumbuyo kuli multifidus ndi minofu yaitali ya msana. Zonsezi zikakungika pamodzi, thunthu limakhala ngati ndodo: ukakankha mbali ino, mbali inayo imasuntha nthawi yomweyo, pamene chingwe chimangopindika. Katswiri akamathamanga liwiro lake lonse, phazi limakhala pansi kwa nthawi yosapitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. M'kanthawi kameneko chiuno chikagwera mbali imodzi, gawo la mphamvu yokankhira pansi lapita pachabe. Muyang'anitsitse wothamanga mamita 400 akamayandikira mzere womaliza: mapewa ayamba kupotoka, m'munsi mwa msana mwapindikira mkati, matako atsalira m'mbuyo. Pa njinga ya Wingate zimaonekanso m'masekondi 10 omaliza, munthu akamagwedezekera uku ndi uku pampando.

Kafukufuku sanapeze zambiri monga ambiri amayembekezera. Mu 2004 Stanton ndi anzake anaphunzitsa anyamata a masewera pa mpira waukulu wopopa kwa milungu 6. Thunthu linakhazikika bwino kuposa kale, koma kathamangidwe sikanasinthe. Mu 2005 Tse ndi anzake anapeza zofanana mwa opalasa mabwato atawaphunzitsa kwa milungu 8. Nesser ndi gulu lake mu 2008 anayeza osewera mpira wa ku America a m'mayunivesite, ndipo kugwirizana kwa mayeso a thunthu ndi liwiro kapena kudumpha kunali kochepa mpaka kwapakatikati. Prieske, Muehlbauer ndi Granacher ataphatikiza kafukufuku wambiri mu 2016 anafika pa mfundo yomweyo: thunthu limalimba kwambiri, koma phindu pamasewera enieni limakhala laling'ono kapena lapakatikati. Komabe Saeterbakken ndi anzake mu 2011 anaphunzitsa atsikana osewera handball pa zingwe zolendewera kwa milungu 6, ndipo liwiro la mpira woponya linakwera ndi 4.9 peresenti. Kwa katswiri, chiwerengero chimenecho si chochepa.

Kusiyanaku, mmene ndikuonera, kumachokera pa chimene chikuphunzitsidwa. Mayeso ambiri a thunthu, monga a Biering-Sørensen, amayeza nthawi imene munthu angapirire ataumitsa thupi osasuntha. Kupirira kwa mphindi ziwiri ndi luso lina, kukunga thunthu mwamphamvu m'kaphindi kochepa kenako n'kumasula ndi luso linanso. Katswiri amene amatha kale plank (kuumitsa thupi chafufumimba atatsamira zigongono ndi zala za kumapazi) ya mphindi imodzi sapindula liwiro poitalikitsa kufika mphindi zisanu.

Palinso chizolowezi chokokera mchombo mkati. Chinafala pambuyo pa kafukufuku wa Hodges ndi Richardson wa mu 1996, amene anaonetsa kuti transversus abdominis imachedwa kukungika mwa anthu odwala msana. Amenewo anali odwala, osati akatswiri onyamula zitsulo. Stuart McGill, amene anali pulofesa ku University of Waterloo ku Canada, amaphunzitsa zina: kukunga minofu yonse yozungulira mimba nthawi imodzi, monga amachitira munthu amene akuyembekezera kumenyedwa chibakera pamimba, kwinaku akupumabe. Kupumako n'kofunika. Wosewera amene amakhazikika pokhapokha atagwira mpweya amataya kukhazikikako akangoyamba kupuma mwawefuwefu.

Zoimirira pa zinthu zogwedera nazo zimafuna kusamala. Anderson ndi Behm mu 2004 anapeza kuti mphamvu yokankha ndi chifuwa inatsika ndi pafupifupi 60 peresenti munthu atagona pa mpira wopopa poyerekeza ndi pa benchi. Mphamvu ikatsika chotero, mnofu sulandira katundu wokwanira kuti ukule mphamvu. Zogwederazi zili ndi malo ake pochira munthu akavulala, koma zisalowe m'malo mwa squat (kunjuta n'kuimirira utasenza chitsulo) ndi deadlift (kunyamula chitsulo kuchokera pansi) zolemera pansi polimba, zomwe pazokha zimagwiritsa thunthu ntchito yaikulu.

Ndiye tiphunzitse bwanji? Poyambira ndi masewera atatu a McGill: curl-up (kukweza pang'ono mutu ndi mapewa mutagona chagada), side plank (plank yogona cham'mbali) ndi bird dog (kuwongola mkono umodzi ndi mwendo wa mbali inayo mutagwada manja ali pansi). Gwirani masekondi 10 okha nthawi iliyonse, mubwereze kasanu, mupume, kenako katatu, kenako kamodzi. Pa side plank cholakwika chofala ndi chiuno kugwera pansi kapena kuthawira kumbuyo. Pa bird dog ambiri amakweza mwendo kupitirira msinkhu wa thako, msana n'kupindika. Mwendo uziwongokera kumbuyo, chidendene chikutsogolera, osati m'mwamba. Izi zikaphweka musawonjezere nthawi, wonjezerani katundu. Nyamulani chitsulo cholemera dzanja limodzi n'kuyenda mamita 20 mpaka 30 mapewa ali olingana. Chitani Pallof press (kukankha kuchokera pachifuwa chingwe chimene chikukukokerani cham'mbali) mutaimirira, mukukana kuti chingwe chikupotozeni.

Gawo limene limayandikira kwambiri mphamvu yophulika ndi loponya. Tengani mpira wolemera makilogalamu 2 mpaka 5, muuponyere kukhoma cham'mbali, kupotoka kuyambire kuphazi ndi chiuno, manja azingomalizitsa. Kuponya kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi mbali iliyonse, maseti atatu kapena anayi, n'kokwanira. Mpira ukalemera mpaka liwiro kutsika, cholinga chatayika. Mupume mokwanira pakati pa maseti: phosphocreatine imabwerera pafupifupi theka m'masekondi 30, koma kuti idzazenso pamafunika mphindi zitatu mpaka zisanu ikatheratu.

Nthawi yochitira imasokoneza ambiri. Zoponya zibwere koyambirira thupi likangotenthedwa, zopirira zibwere kumapeto. Kutopetsa thunthu musananyamule zolemera kapena musanathamange liwiro kumachititsa kuti msana ulandire katundu minofu yougwira itafooka kale. Mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu pa mlungu, zimakwana.

Pomaliza muyeze chimene mukufuna kusintha, osati plank. Gwiritsani ntchito Wingate, kapena RAST, komwe munthu amathamanga mamita 35 kasanu ndi kamodzi akupuma masekondi 10 pakati. Muyeze musanayambe ndiponso pakapita milungu 6 mpaka 8, nthawi yofanana ya tsiku, mutatenthetsa thupi mofanana. Chenjerani ndi chiwerengero cha kutopa, chomwe chimaonetsa mmene mphamvu yatsikira kuchokera pachimake kufika potsiriza. Mphamvu ya pachimake ikakwera, chiwerengerochi chimatha kuoneka choipirapo ngakhale wosewera wapita patsogolo, choncho muzichiwerenga pamodzi ndi mphamvu ya avereji ya mayeso onsewo.