Mano a geti adyeka msanga

Ndangochoka kumene kokonza geti lamagetsi la kasitomala wina, mtima ukundiwawabe. Mota ndi yatsopano, koma pinion yake (kagiya ka pa mota kamene kamakankha geti) mano adyeka kale. Amene anaika anaphatikiza rack (mzere wa mano womangirira pa geti) ya module 5 ndi pinion ya module 4 (module ndi muyeso wa kukula kwa mano), n'kutsamiritsanso geti lonse pa kagiyako osasiya kampata.

Amisiri anzanga, rack ija ndi giya wamba ya mano owongoka, kungoti yatambasulidwa. Magiya awiri ozungulira amasintha liwiro ndi mphamvu, pamene rack imasandutsa kuzungulira kukhala kuyenda chowongoka, koma konseko mano ayenera kufanana kukula. Pinion ya mano 20, module 4, ikazungulira kamodzi imakankha geti pafupifupi mamilimita 251. Ikakhala pa rack yolakwika imangokukuta.

Mawa ndikachotsa rack yonse ija, ndikaike ya module 4.