Voti ya amayi anga inasamukira chipani china

Sabata yatha ndinali kumudzi kukaona amayi, tili pa khonde madzulo tikusenda mtedza wailesi ikulankhula za nyumba ya malamulo, amayi anangoti "kodi mwana uja tinamuvotera uja, pano ali chipani chanji?" Ndinawauza. Anakhala chete kanthawi kenako anati "ine sindinavotere chipani chimenecho." Mpaka lero mawu amenewo akundivutabe mumtima.

Amayi anga ndi munthu woti tsiku lovota amadzuka kusanache, kumanga chitenje, kuyenda mtunda wautali kukaima pa mzere pa sukulu ya pulaimale dzuwa likuswa mtengo, chala chodetsedwa ndi inki chija amabwera nacho kunyumba mokondwa ngati alandira mphatso. Phungu wathu anaima payekha, amati sali chipani chilichonse, adzamvera anthu basi. Zotsatira zitangotuluka sipanadutse miyezi ingapo tinamuona pa nsanja atavala makaka a chipani cholamula akuti wapita ku boma kuti chitukuko chifike kwathu. Sanabwere kudzatifunsa, ngakhale msonkhano umodzi pansi pa mtengo sanachititse.

Ndiye anthu ambiri amathamangira kunena kuti nanga gawo 65 lija lili kuti. Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko limanena kuti phungu amene anasankhidwa pa tikiti ya chipani china, akachoka mwakufuna kwake kapena kulowa chipani china chomwe chili m'nyumba ya malamulo, sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu, anthu akavotenso. Koma woima payekha lamuloli silimugwira chifukwa analibe chipani choti achokemo, ndiye mpata umenewu amaudziwa bwino lomwe. Pa chisankho cha 2019 oima paokha anaposa 50 pa mipando 193, tangoganizani kuchuluka kwa mavoti omwe amatha kusamutsidwa mwini wake asakudziwa.

Ngakhale a zipani omwe lamulo likuwagwirawo, ndani anachotsedwapo mosavuta? Amene tinali akuluakulu nthawi ya Bingu wa Mutharika tikukumbukira. Anawina mu 2004 pa tikiti ya UDF, mu 2005 anachoka n'kuyambitsa DPP, aphungu ambirimbiri anamutsatira. Mu 2007 khoti la Supreme linati gawo 65 ndi lovomerezeka, a UDF ndi MCP anakakamira kuti sipikala Louis Chimango ayambe wachotsa odumphawo ndiye bajeti idzakambidwe pambuyo, boma nalo linakana, aphungu anathamangira kukhoti kukatenga ziletso, bajeti inachedwa dziko lonse lili mmwamba anthu akudandaula za mankhwala ndi makuponi a feteleza, mapeto ake odumpha aja anakhalabe pa mipando yawo mpaka 2009. Mu Epulo 2012 Bingu atamwalira Joyce Banda n'kutenga mpando, anthu omwewo omwe dzulo lake amamunyoza anavala olenji wa PP usiku umodzi wokha. Zimandiwawa kwambiri chifukwa chipani chilichonse chimalikonda gawo 65 chikakhala kotsutsa, chikangolowa m'boma chimaliiwala.

Koma chomwe achinyamata ambiri sadziwa ndi chakuti panali gawo 64. Malamulo athu a 1994, titangochoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, anatipatsa ife ovota mphamvu yomuitanitsa phungu, kumuchotsa nthawi yake isanathe ngati sakutitumikira. Mu 1995 aphungu anakhala pansi n'kulichotsa gawo limenelo. Iwo eni ake omwe lamulo limayenera kuwayang'anira ndi omwe analifafaniza, ndipo pazaka 30 zonsezi mabungwe, a mipingo ndi anthu wamba akhala akupempha kuti libwerere koma palibe nyumba ya malamulo yomwe yalola.

Ndikudziwa zomwe amanena, akuti likabwerera olephera pa chisankho azidzangosonkhanitsa masiginecha tsiku ndi tsiku kuti agwetse mnzawo, komanso zisankho zachibwereza zimadya ndalama zambiri. Nkhawa imeneyo ndiyomveka, sindikuikana. Koma zimenezo zimakonzeka polemba lamulolo, kuika chiwerengero chachikulu cha osayina, kupereka ntchito yotsimikizira mayina ku MEC, kunena kuti phungu asaitanitsidwe chaka choyamba. Kulichotseratu ndiye kutiuza kuti ntchito yathu imatha tikangoponya pepala mu bokosi.

Dziko lino tinaonetsa kale kuti voti timaitenga ngati chinthu cha mtengo wapatali. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha Tipp-Ex chija, pa 23 Juni tinavotanso, lamulo la 50+1 linakhazikika. Ngati tinakwanitsa kuteteza voti ya pulezidenti, ya phungu ikutikanika bwanji, pano mipando yakwera kufika 229?

Ndisananyamuke ndinawafotokozera amayi za gawo 64, anamvetsera bwinobwino n'kundiuza kuti ndiwalembere pa kapepala ndi zilembo zikuluzikulu. Akuti akufuna kukaliwerenga ku msonkhano wa chitukuko wa m'mudzi, ndipo aliyense wodzapempha voti mu 2030 adzayambe wayankha ngati adzalibwezeretse. Kapepalako anakapinda n'kukasunga limodzi ndi chitupa chawo chovotera.