Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kabuku ka m'jumbo la shuga

M'gawo lapitali ndinalekezera pa tsiku lomwe ndinamaliza maphunziro a udokotala ku College of Medicine, sukulu imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 ndipo lero ili mbali ya yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Digiri ndinali nayo m'manja, koma munthu saloledwa kugwira ntchito payekha asanamalize miyezi 18 ya internship, yogwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala aakulu. Ine ndinayambira ku wodi ya abambo pa chipatala cha Gulupu, m'chaka cha 2008.

Usiku wina ndili pa ntchito, ambulansi inabwera ndi bambo wochokera ku chipatala cha boma lina la ku chigwa cha Shire. Anali wowonda, akubuula, manja onse ali kumutu, ndipo ukamufunsa dzina amayankha zina. Mkazi wake anaima pambali atanyamula kabeseni ndi chitenje, maso ali gwa pa ine. Mumtima ndinagamuliratu kuti awa ndi malungo a mu ubongo, ndipo ndinali nditayamba kale kulemba kwinini.

Adokotala aakulu amene ankatiyang'anira usiku umenewo anafika phee kumbuyo kwanga.

"Adokotala, buku lake mwaliwerenga?"

Ndinali nditangoona kalata ya pamwamba, ya mizere iwiri. Ndinatembenukira kwa mkazi uja: "Mayi, buku la kuchipatala la bambowa muli nalo?" Anamasula mfundo ya chitenje natulutsa kabuku kokutidwa ndi jumbo la shuga, kuopa mvula. "Ndi ili, adokotala. Anati tisalitaye."

Mpaka lero tsamba limenelo ndimaliona m'maso. Analemba ndi medical assistant wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, munthu amene sindinakumanepo naye, ndi bolopeni yomwe inkatha inki moti mawu ena anachita kubwereza. Analemba kuti mutu wawawa masabata atatu, magazi ayezedwa kawiri koma malungo sanapezeke, LA wamwa koma osasintha, khosi lauma, wodwala akuona zinthu ziwiriziwiri, ndipo ma ARV anayamba mwezi wathawu. Kumapeto anaika chizindikiro cha funso pafupi ndi mawu oti cryptococcal meningitis, matenda oumitsa khosi. Munthu wopanda labu yoyezera matendawa, mwina analemba ndi nyali ya parafini, anali atawaona kale. Ine wa digiri ndinatsala pang'ono kuwaphonya chifukwa chothamanga.

Tinamugoneka chammbali, maondo kuchifuwa, n'kulasa singano pamsana. Madzi a mu msana amayenera kudontha pang'onopang'ono, koma awa anachita kuthovoka. Matendawa amayamba ndi fangasi amene amalowa m'thupi chitetezo chikatsikiratu, ndipo amatsekereza njira yomwe madziwa amatulukira, mpaka kupanikiza ubongo. N'chifukwa chake mutu wake sumva panado. Titachotsako madzi, bambo uja anatsegula maso nafunsa mkazi wake kuti mbuzi anasiyira ndani. Mayi aja analira. M'mawa a labu anatsimikiza ndi India ink, inki yoonetsa fangasiyu m'madzi a mu msana, kuti ndi matenda omwewo.

Masiku amenewo boma linali litangoyamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, ndipo ambiri ankafika thupi litatheratu. Odwala otere tinataya ochuluka. Uyu anachira, ngakhale tinamulasa pamsana kangapo, ndipo tsiku lililonse ankandichonderera kuti lero basi.

Pa tsiku lotuluka ndinalemba m'buku muja mizere itatu, ndikuthamangira wodwala wina. Adokotala aakulu aja anandibwezera. "Amene akawerenge izi ndi uja anakutumizirani wodwalayu. Fluconazole, mankhwala a fangasiyu, akamupatsa ndi iyeyo mwezi ndi mwezi, inu kulibe. Mulembereni ngati mnzanu." Ndinakhala pansi ndi kulemba tsamba lathunthu: zomwe tinapeza, mlingo wa mankhwala, zizindikiro zoti akaona amubweze msanga. Pansi pake ndinawonjezera kuti anaganiza bwino, ndipo zikomo.

Mayi aja analandira bukulo ndi manja awiri, nalibwezera m'jumbo lomwe lija la shuga, n'kumanga mfundo. M'gawo lotsatira ndidzakamba za momwe ananditumizira ku chipatala cha boma lakutali, kumene wolemba makalata otumiza odwala ndinakhala ine.