Ku Prague, kumene aphungu anasiyira anthu ntchito yosankha pulezidenti

Ulendo wathu wa mumzinda wa Prague, likulu la Czech Republic, unayambira pa siteshoni ya Malostranská, pa mzere A wa sitima zapansi. Amene akufuna kuona ndi maso m'mene dzikoli linasinthira kasankhidwe ka pulezidenti ayambire pomwepo, chifukwa nyumba zonse zokhudzidwa ndi nkhaniyi zili m'mbali mwa phiri limodzi, zofikika wapansi.

Pafupi ndi siteshoniyo pali khomo lolowera m'munda wa Wallenstein. Kulowa n'kwaulere, koma amatsegula kuyambira Epulo mpaka Okutobala basi. Chinyumba cha m'mundamo ndimo mumakumana maseneta 81. Mukayenda pang'ono, mumsewu wopapatiza wa Sněmovní, mufika ku nyumba ya aphungu 200. Onse pamodzi ndi 281, ndipo nyumba ya malamuloyi ndiyo inkasankha pulezidenti, Václav Havel kenako Václav Klaus.

Kuchokera apo n'chikweza mpaka ku Prague Castle, linga lomwe muli ofesi ya pulezidenti. Wofooka maondo akwere thiramu (sitima yoyenda mumsewu) nambala 22. Zisankho za 2003 ndi 2008 zinachitikira kumtundako, m'holo yotchedwa Spanish Hall, yomwe alendo amalowamo pa masiku apadera okha. Lamulo lakale linkalola kuvota katatu pa chisankho chimodzi. Koyamba munthu ankayenera kupeza mavoti opitirira theka m'nyumba iliyonse payokha. Kachiwiri ankangowerenga amene abwera, komabe nyumba iliyonse payokha. Kachitatu ankaphatikiza aphungu ndi maseneta. Zikakanika, ankayambiranso. Mu 2003 anayambiranso kawiri, mpaka pa 28 Febuluwale Klaus anapyola ndi mavoti 142. Mu 2008 zinanyanya. Anataya maola ambiri akukangana ngati avote mobisa kapena mokweza manja, kunamveka mphekesera za ziphuphu, ndipo ena analandira maenvelopu a zipolopolo. Klaus anagonjetsa Jan Švejnar ndi mavoti 141, koma anthu amene ankaonera pa wailesi yakanema anali atanyansidwa.

Kusintha malamulo oyendetsera dziko kuti anthu azisankha okha pulezidenti kunafuna magawo atatu mwa asanu a aphungu onse, kutanthauza 120, ndiponso magawo atatu mwa asanu a maseneta amene alipo tsikulo. Aphungu anavomereza mu Disembala 2011, maseneta pa 8 Febuluwale 2012. Klaus ankadana nako kusinthaku, koma pulezidenti alibe mphamvu yobweza lamulo lamtunduwu.

Tsopano woimira ayenera kukhala wa zaka 40 kapena kupitirira, ndipo amamutchula aphungu 20, kapena maseneta 10, kapena nzika 50,000 zosaina pa chikalata. Pa masiginechawa ndi pamene zinavutira koyamba. Unduna wa za m'dziko sunkawerenga dzina lililonse. Unkatapa mayina 8,500 n'kuwaunika. Olakwika akafika 3 pa 100 alionse, unkatapanso ena 8,500, kenako n'kuchotsera pa chiwerengero chonse molingana ndi zolakwikazo. Mu 2012 undunawo unaphatikiza maperesenti awiriwo m'malo motenga chapakati, motero zolakwika zinachita ngati zawirikiza. Jana Bobošíková, mmodzi mwa ofuna kuimira, anagwa nazo, mpaka khoti lalikulu loona madandaulo otsutsa maofesi a boma, la ku Brno, linamubwezera pa mndandanda. Ena awiri ofuna kuimira, Tomio Okamura ndi Vladimír Dlouhý, anatsalabe kunja. Lamulo lolembedwa mothamanga, losanena bwino masamu ake, linatsala pang'ono kusokoneza chisankho chisanayambe n'komwe.

Kuvota ndi masiku awiri: Lachisanu kuyambira 2 koloko masana mpaka 10 koloko usiku, Loweruka kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana. Sachonga ngati kwathu. Woimira aliyense ali ndi pepala lakelake, ndipo wovota amaika limodzi mu envelopu yodinda. Mukaikamo mapepala a anthu awiri, voti yafa. Pakasowa wopitirira theka, awiri otsogola amakumananso pakatha masabata awiri. Amalawi akuidziwa imeneyi, ndi 50+1 ija khoti linagamula mu Febuluwale 2020.

Mu Januwale 2013 anaima anthu 9. Miloš Zeman anapeza pafupifupi 24 peresenti, Karel Schwarzenberg 23, ndipo pobwereza Zeman anatenga pafupifupi 55. Analumbira pa 8 Malichi mu Vladislav Hall, m'nyumba yakale ya mafumu. Iyi ndiye mungalowemo ndi tikiti wamba ya alendo, ndipo denga lake la miyala yolukana ngati nthambi n'loyenera kuliimirira ndithu. Mukakhalako 12 koloko masana muona asilikali akusinthana pa chipata chachikulu, malipenga akulira. Mbendera ya pulezidenti ikakhala ikupepeza pamwamba, ndiye kuti mwiniwake ali m'dziko.

Chimene aphungu ndi maseneta sanachiganizire mokwanira, m'kuona kwanga, ndi mphamvu za mpandowo. Anasintha wosankha, koma ntchito za pulezidenti anazisiya pafupifupi momwe zinalili: boma limayendetsedwa ndi nduna yaikulu, yodalira aphungu. Koma munthu amene wamuvotera anthu oposa 2.7 miliyoni sadziona ngati wongosaina mapepala. Nduna yaikulu Petr Nečas atatula pansi udindo mu Juni 2013, Zeman ananyalanyaza zipani zomwe zinkati zili ndi aphungu okwanira, n'kuika mnzake Jiří Rusnok. Aphungu analikana bomalo mu Ogasiti, komabe linakhala mpaka Januwale 2014, chifukwa malamulo sapereka tsiku lomalizira loti pulezidenti atchule wina. Mpata umenewo unalipo kale pa nthawi ya Havel ndi Klaus, kungoti panalibe amene anaugwiritsa ntchito chotero.

Anthu okha akuoneka kuti njirayi anaikonda. Mu 2023, pamene Petr Pavel anagonjetsa Andrej Babiš ndi 58 peresenti, anthu 70 pa 100 alionse olembetsedwa anakavota pa chisankho chobwereza.

Potsika, tengani masitepe akale a kum'mawa kwa linga. Amakutulani pafupi ndi Malostranská pomwe paja, ndipo m'nyengo yozizira amaterera, choncho valani nsapato zogwira pansi.