Mabuku akale a pamsika: musanalipire, onani izi

Inu amene mumangodutsa mabuku akaunjika oyalidwa pansi m'tauni, imani pang'ono. Muli chuma m'menemo.

Pa nkhani zofufuza milandu, yambani ndi Arthur Conan Doyle. Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'mabuku ake, anayamba kuonekera mu 1887, ndipo nkhani zake zazifupi zilipo 56. Imodzi mutha kuimaliza muli mu minibasi. Mabuku a mlembi wina, Agatha Christie, amafuna pensulo: lembani kuti uje anali kuti, nthawi yanji, chifukwa wakuphayo amamuika pamaso panu penipeni. Koma tsegulani kaye kumapeto. Guluu wa pamsana akauma amasweka, masamba n'kuthothoka, ndipo buku lotere likasowa mutu womaliza mwataya ndalama. Nunkhizaninso, nkhungu imafalikira ku mabuku ena pa shelefu.

Okonda kufunsa za chipembedzo, funani The Age of Reason la Thomas Paine. Iye ankakhulupirira Mulungu koma ankatsutsa matchalitchi. Gawo lachiwiri, la 1795, muliwerenge Baibulo lili pambali, muziona nokha mavesiwo.

Mabuku ophikira ndiye amapusitsa ambiri. Onani kumene linasindikizidwa. "Pint" ya ku Britain ndi 568 ml, ya ku America 473 ml. Mukasokoneza, mtanda umasanduka phala kapena umauma gwa. "Ounce" imodzi ndi magalamu 28, "gas mark 4" (mlingo wa kutentha kwa uvuni wa gasi) ndi 180°C. Ndipo buku la ku Britain likati "cornflour", si ufa wa nsima ayi, ndi sitachi wolimbitsira msuzi.